Geji ikayamba kunama

Tinali pakati pa zitunda zochokera ku Chikwawa kukwera ku Blantyre, mwezi wa Okutobala, dzuwa lili paliwombo, pamene muvi wa geji ya kutentha unayamba kunyambita pofiira. Galimotoyo inali Land Rover Series III ya petulo, imene ndinaigula itatopa kale. Ndinaimika pambali, n'kutsegula boneti ndikuyembekezera nthunzi. Kunalibe. Madzi sankabwata, fanibeluti inali yolimba, injini inkangonunkha fungo lake la masiku onse. Ndinadikira kanthawi, n'kunyamukanso, muvi n'kubwerera pomwe paja.

M'masabata otsatira ndinasintha thermostat, ndinatsukitsa rediyeta, ndipo ndinali nditayamba kufunsa mtengo wa gasiketi ya hedi. Amene anandilanditsa ndi madala ena okonza zamagetsi a galimoto, amene amagwirira ntchito yawo pansi pa mtengo wa mango. Boneti sanaikhudze n'komwe. Anakhala pampando, n'kupotokola kiyi, n'kumangoyang'ana dashibodi ngati akudikira basi.

"Achimwene, petulo munathira liti?"

"Dzana, madala. Malita 10 okha."

"Nanga wachuluka bwanji chonchi? Kapena amaswana usiku?"

Thanki ya galimoto imeneyi imalowa malita 45, koma muvi wa petulo unali utadutsa pa theka. Mageji awiri osadziwana, ina yofunsa kuthanki, ina yofunsa ku injini, ankakokomeza onse pamodzi. Madala aja anati ana awiri akabwera ndi bodza lofanana, usalimbane nawo, kafunse amene amawadyetsa.

Wowadyetsayo ndi kachitini kochepa ngati bokosi la machesi, komangidwa kuseri kwa sipidomita. A Smiths ku Britain ankakatcha voltage stabiliser, a Ford ku America amati instrument voltage regulator kapena constant voltage regulator, pamene a Chrysler amati voltage limiter. Mainawa ndi amene amayambitsa chisokonezo, chifukwa m'galimoto yakale muli regulator inanso, bokosi lija loyang'anira dayinamo kuti isaphike batire, monga Lucas RB106 kapena RB340. Mukafika kwa ogulitsa masipeya n'kungoti mukufuna regulator, imene adzakutulutsireni ndi imeneyo. Kathu aka sikadziwa za batire kapena dayinamo. Ntchito yake ndi kudyetsa mageji basi.

Kuti munthu amvetse chifukwa chimene mageji amafunikira wowadyetsa wawowawo, ayenera kutsegula geji imodzi, ngakhale yakufa, n'kuona mkati. Mulibe maginito, mulibe magiya. Muli kachitsulo kopyapyala kopangidwa ndi zitsulo ziwiri zomatidwa msana ndi msana, zimene zikatenthedwa sizitalika mofanana. China chikaposa chinzake, kachitsuloko kamapindika. Nzeru imeneyi ndi yakale kuposa galimoto: John Harrison, wopanga mawotchi wa ku England, anaigwiritsa ntchito m'wotchi yake yachitatu ya panyanja m'zaka za m'ma 1700. Pa kachitsuloko pakulungidwa waya wonga tsitsi. Magetsi akamadutsa, wayayo amatentha, kachitsulo kamapindika, n'kukankha muvi. Ndiye kuti geji yotere siyeza mafuta kapena madzi. Imayeza kufunda kwa m'mimba mwake momwe.

Amene amatsegula kapena kupana njira ya magetsiwo ndi sensa. Kuthanki kuli choyandama chimene mkono wake umatsetsereka pa waya wokulungidwa, ndipo pa injini pali sensa imene imalola magetsi ambiri madzi akamatentha. Pa mageji a Smiths, thanki yopanda kanthu imakaniza magetsi ndi ma ohm pafupifupi 240, yodzaza imatsika kufika cha m'ma 20. Pa Ford ndi Chrysler za zaka za m'ma 1960 manambala ake ndi pafupifupi 73 ndi 10. Opanga magalimoto anakonda mageji amenewa chifukwa ndi otchipa, komanso ndi aulesi. Ulesiwo ndi dalitso. Mageji a maginito amene analipo kale ankavina ndi bampu iliyonse mafuta akamakhuthukirana m'thanki, pamene awa amayamba aganiza kaye asanasunthe.

Vuto lake n'lakuti magetsi a m'galimoto sakhazikika. Batire yabwino itangokhala imaonetsa mavolti 12.6. Injini ikathamanga, dayinamo kapena alitaneta imakweza kufika cha m'ma 14. Usiku pamphambano, nyali zikuyaka, injini ikungolira pansipansi, galimoto ya dayinamo imatha kutsika pansi pa 12. Tsono kutentha kwa waya sikukwera mofanana ndi mavolti, kumakwera mothamanga kuposa pamenepo: mavolti akawirikiza kawiri, kutentha kumawirikiza kanayi. Popanda woyang'anira, muvi wa petulo ukanamakwera mukaponda moto, n'kutsika mukayatsa nyali.

Apa m'pamene pali nzeru imene imandisangalatsa. Kabokosi kothetsa vutoli ndi kam'bale ka mageji omwewo. Mkati mwake mulinso kachitsulo kopindika ndi waya wake wotenthetsa, koma m'malo mwa muvi, kunsonga kuli mapointi. Mukayatsa kiyi, mapointi amakhala otseka, magetsi onse a batire amapita ku mageji, ndipo ena amadutsa m'kawaya kotenthetsa kupita ku earth. Kachitsulo kakafunda, kamapindika, mapointi n'kutseguka. Magetsi aduka, kazizira, kabwerera, mapointi atsekanso. Kamachita zimenezi ulendo wonse osapuma. Magetsi a batire akakwera, kamafunda msanga, choncho kamakhala kotsegula nthawi yaitali. Akatsika, kamakhalitsa kotseka. Kabokosi kotchedwa ka mavolti 10 sikatulutsa mavolti 10 ngakhale kamphindi kamodzi. Kamapereka zonse kapena kumana zonse, koma mageji, pokhala aulesi, amangomva ngati akulandira 10 osasintha. Zili ngati mayi wophika phala pamafuwa, amene amakankha chikuni, kenaka n'kuchisolola, mphika n'kumangomva moto umodzimodzi.

Magalimoto a ku Britain okhala ndi mageji a Smiths anasamukira ku njira imeneyi m'zaka za m'ma 1960, ndipo muyezo wawo ndi mavolti 10: Mini, Morris Minor, MGB, Triumph Herald ndi Spitfire, Jaguar E-type, komanso Land Rover zimene zinadzaza m'maboma, m'mamishoni ndi m'maesiteti kuno kwathu. Ford ndi Chrysler anasankha mavolti 5, ndipo pa magalimoto ena a Chrysler kachipangizoka kanabisidwa mkati mwa geji ya petulo momwemo, moti mungakafune kuseri kwa dashibodi tsiku lonse osakaona. Volkswagen Beetle inakalandira mu 1968, eni ake amakatcha vibrator. General Motors sanavutike nako, chifukwa mageji awo a makoyilo awiri amadzilinganiza okha. Ngati simukudziwa mtundu wa galimoto yanu, yatsani kiyi muyang'ane muvi wa petulo. Ukadumpha nthawi yomweyo, musafunefune kabokosi. Ukamakwera pang'onopang'ono ngati bilimankhwe, kawirikawiri kalipo.

Kafedwe kake ndi kamitundu iwiri. Mapointi akapsa kapena kudetsedwa mpaka kuleka kugundana, mageji onse amagona pansi. Imeneyi ndi imfa yachifundo, chifukwa aliyense amaona kuti chinachake chafa. Yoipa ndi inayo, pamene mapointi amatirirana kapena kawaya kotenthetsa kaduka, magetsi onse n'kumangodutsa. Geji ya mavolti 10 ikalandira 14 imatentha pafupifupi kawiri kuposa muyezo wake, ndiye imakokomeza, koma kawirikawiri imapirira. Geji ya mavolti 5 ikalandira 14 imatentha pafupifupi kasanu ndi katatu. Mivi yonse imathamangira kumapeto, ndipo mukachedwa kuzimitsa kiyi mudzamva kafungo ka waya wopsa. N'chifukwa chake eni Mustang ndi Dodge zakale amakaopa kabokosika kuposa eni Land Rover. Kwa ife chimene chimapsa ndi thumba, pokonza injini yosadwala. Palinso ngozi ina yosaonekera msanga: geji ya petulo yokokomeza imakusiyani pamsewu muvi ukulonjeza kuti mafuta alipo.

Pali kafedwe kachitatu kamene si imfa konse, ndipo n'kamene kanandigwira ine. Kawaya kotenthetsa kamapeza earth kudzera m'chitini chake, chitinicho n'kudalira sikuluwu imene yachimanga pa sipidomita, sipidomitayo n'kudalira waya wake wakuda. Dzimbiri likalowa penapake pa mzere umenewu, kawaya sikafunda, mapointi satseguka, ndipo kabokosi kabwinobwino kamachita ngati kakufa. Madala aja anamasula kasikuluwu kamodzi, anapala ndi sandipepa mpaka chitsulo chinawala, n'kumanganso. Mivi iwiri ija inabwerera m'malo mwake. Ndikaganiza za rediyeta ija, mpaka pano ndimadziseka.

Choncho musanagule kanthu, yezani. Lamulo loyamba ndi la ana awiri aja: geji imodzi yokha ikamavuta, inzake ili bwino, kabokosi kalibe mlandu, fufuzani sensa, waya wake kapena gejiyo. Lamuloli limalephera pa galimoto imene kabokosi kamadyetsa geji imodzi yokha, monga Morris Minor imene ilibe geji ya kutentha, kapena MGB zambiri zimene geji yake ya kutentha imayendera kapaipi kopyapyala osati magetsi. Pamenepo mufunika tesita ya babu. Pa kabokosi ka Smiths pali zilembo: B ndi polowera magetsi, I ndi potulukira kupita ku mageji. Kiyi ili yoyatsa, babu iyake mosalekeza pa B. Pa I idikireni pang'ono, kenaka iyambe kuphethira. Ikangoyaka osaphethira, ndiye kuti earth yasowa, kawaya kotenthetsa kaduka kapena mapointi amatirirana. Ikapanda kuyaka, mapointi afa. Mita ya manambala imasokoneza anthu ambiri pano, chifukwa imangodumphadumpha pakati pa 0 ndi 12, munthu n'kugamula kuti kabokosi kapenga, chonsecho ndi umboni woti kali moyo. Mita yakale ya muvi imaonetsa bwino kugunda kwake.

Mawaya a magalimoto a ku Britain amathandiza, ngati sanasokonezedwe ndi manja ambiri amene anadutsamo. Wobiriwira ndi wa magetsi ochokera ku kiyi kudzera pa fyuzi, ndipo amapita pa B. Wobiriwira motuwa, kawirikawiri wokhala ndi kamzere kobiriwira kwambiri, amachoka pa I kupita ku mageji. Wobiriwira wa mzere wakuda amapita kuthanki, wa mzere wabuluu amapita ku sensa ya kutentha. Mukachotsa waya pa sensa n'kumugunditsa pa chitsulo cha injini, muvi uyenera kuyamba kukwera. Mukangoona kuti wanyamuka, chotsani, musadikire kuti ufike kumapeto. Kuthanki chitani zimenezi mosamala, kutali ndi pamene pakumveka fungo la petulo.

Patapita miyezi ingapo kabokosi kanga kanafadi, imfa yachifundo ija. Ntchito yosintha payokha ndi yaifupi, chovuta ndi kufikako. Yambani ndi kuchotsa waya wa earth pa batire. Musanyozere zimenezi poganiza kuti kiyi ndi yozimitsa: mawaya abulauni a kuseri kwa dashibodi ya ku Britain amakhala ndi moto nthawi zonse ndipo sadutsa pa fyuzi, pamene pa Chrysler zakale magetsi otchajira batire amadutsa pa ammeter ya pa dashibodi pomwepo. Sipanala kapena mphete ya ukwati ikagunda pamenepo, simudzaiwala. Masulani bolodi la mageji, mwinanso chingwe cha sipidomita kuti lisendere kwa inu, ndipo jambulani ndi foni musanazule waya aliyense. Pa Mini, Spitfire ndi Series III kabokosi kali kumbuyo kwa sipidomita, pa MGB kali pa chitsulo cha thupi la galimoto kuseri kwa dashibodi. Pa Ford zimene zili ndi mawaya osindikizidwa pa pulasitiki yopyapyala, kamachita kubanidwa ngati batani la malaya, ndipo pulasitikiyo ikakalamba imang'ambika mosavuta, choncho kanyamuleni ndi nsonga ya sikuludiraiva mofatsa. Katsopano kakakhala ka mapointi, onani mawu akuti TOP ndipo kaimikeni momwemo, chifukwa kakagona chammbali muyezo wake umasokonekera. Palani pomangira. Musasinthanitse B ndi I.

Funso limene eni magalimoto akale amakangana nalo ndi la chimene muikemo: kofanana ndi kakale, kapena ka masiku ano kopanda chosuntha mkati. Kachiwirika mtima wake ndi kachipangizo ka miyendo itatu kodziwika kwa aliyense wokonza mawailesi: 7805 pa mavolti 5, 7810 pa mavolti 10. Mwendo woyamba ndi wolowetsa, wapakati ndi earth, wachitatu ndi wotulutsa, ndipo opanga amalangiza timakapasita tiwiri, ka 0.33 µF polowera ndi ka 0.1 µF potulukira. Ogulitsa masipeya a magalimoto akale ku Britain ndi ku America amagulitsa zopangiratu zooneka ngati zakale, koma munthu wodziwa kumata ndi mtovu akhoza kufukula chitini chakale n'kuikamo yekha.

Ubwino wake ndi woonekeratu. Mulibe mapointi oti apse, sikasamala kuti kaimirira kapena kagona, mita imawerenga 10.0 yeniyeni, ndipo kuthetheka kumene kabokosi kakale kamalowetsa m'wailesi kumatha. Kakatentha mopitirira kamadzizimitsa kokha. Kwa mwini galimoto ya mavolti 5, amene mageji ake ndi osowa komanso osachedwa kupsa, ine sindiona chifukwa chobwererera ku mapointi.

Koma walira mvula walira matope. Choyamba ndi mbali ya batire. Kabokosi kakale ndi moto chabe, sikasamala kuti magetsi akuchokera kuti. Katsopano kamasamala. Magalimoto ambiri a ku Britain anali a positive earth mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. MGB ndi Land Rover zinasintha mu 1967, Mini mu 1969. Mukaika ka negative earth m'galimoto ya positive earth, kakhoza kufa musanamalize kupotokola kiyi. Ndipo musadalire chaka cha galimoto, yang'anani batire ndi maso anu, chifukwa zambiri zinatembenuzidwa kalekale poikamo alitaneta.

Chachiwiri ndi njala yake. Kuti 7810 itulutse mavolti 10 imafuna kulandira pafupifupi 12. Pa galimoto ya alitaneta yabwino palibe vuto. Pa ya dayinamo, usiku, mvula ikugwa, nyali ndi mawaipa zikugwira ntchito, waya wobiriwira wa zaka 50 akhoza kufikitsa zochepera pamenepo, mivi n'kutsika pang'ono. Mankhwala ake ndi mtundu wina monga LM2940 wa mavolti 10, umene umakhutira ndi theka la volti pamwamba pa zimene ukutulutsa, koma umafuna kapasita ya 22 µF kapena kuposa potulukira, apo ayi sukhazikika.

Chachitatu ndi kutentha. Mavolti amene kachipangizoka katsekereza sasowa, amasanduka moto pa thupi lake. Pa mageji awiri a Smiths motowo ndi wochepa, chitini chake chikwanira kuuchotsa. Pa galimoto ya mavolti 5 nkhani ndi ina. Tiyerekeze mageji atatu akukoka theka la amp pamodzi, ndipo kachipangizo kakutsitsa kuchoka pa 14 kufika pa 5: amenewo ndi mawati 4.5, okwanira kuwotcha chala. Popanda chitsulo cha aluminiyamu chochotsa kutentha, kadzadzizimitsa masana a dzuwa, mivi yonse n'kugwa, kenaka n'kudzuka yokha kakazizira, mwini galimoto n'kumaganiza zamatsenga. Ena amathawa vutoli ndi timabolodi totsitsa magetsi modukizadukiza, timene sititentha, koma totchipa timabweretsanso phokoso m'wailesi.

Pali kusiyana kwina kochepa kumene ndinakuona m'mawa woyamba. Kabokosi kakale kakazizira kamapereka magetsi onse kwa timphindi toyamba, mivi n'kudzuka mwachangu. Katsopano kamayamba ndi 10 yake yomweyo, choncho muvi wa petulo umakwera mwaulesi kuposa kale. Si vuto, kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndinasankha LM2940 yobisidwa m'chitini chakale, makamaka chifukwa ndinkafuna chinthu choti ndikachiyeza ndi mita chindiyankhe nambala imodzi. Amene akufuna galimoto yake ikhale momwe inatulukira kufakitale ali ndi mfundo yake, ndipo kabokosi koyambirira ka Smiths kamene kakugwirabe ntchito sindingakachotse kungoti ndi kakale.

Chimene kabokosi katsopano sikangachite ndi kuchiritsa geji kapena sensa yotopa. Kamangochotsa mboni imodzi yabodza kuti zotsalazo zimveke bwino. Mukadzaza thanki muvi n'kuima pa kota zitatu, pa I pali 10 yokwanira, yang'anani choyandama, earth ya thanki, kapena ngati sensayo ndi ya mtundu wa gejiyo, poti ya geji ya maginito siyenderana ndi ya kachitsulo kopindika. Kumbuyo kwa mageji a Smiths kuli timipata tiwiri tosinthira muyezo, kena ka pansi kena ka pamwamba, koma timeneto ndi tomalizira, zina zonse zitatsimikizika.

Geji ya kutentha ndiyo inandisowetsa mtendere, poti inali itandinamiza kale. Ndinabwerera pansi pa mango paja. Madala anamasula sensa pa injini, anatseka bowo lake, n'kuilumikiza ndi mawaya awiri aatali, wina ku waya wa mzere wabuluu, wina kuchoka pa thupi la sensa kupita ku chitsulo cha galimoto. Anabwereka mbaula ndi kapoto kwa mayi wogulitsa chimanga chowotcha pafupi pomwepo, n'kulendewetsa sensa m'madzi pamodzi ndi thermometer, osaigunditsa pansi pa poto.

"Inu khalani pa chiwongolero, achimwene. Ndikakuwa, muone pamene muvi waima."

Anakuwa madzi atafika madigiri 82, muyezo wa thermostat imene ndinagula pachabe ija, ndipo anasolola makala kuti kutentha kuime pomwepo mpaka muvi utakhazikika. Anakuwanso madzi atabwata. Anandikumbutsa kuti ku Blantyre, pamtunda wa mamita opitirira 1,000, madzi a m'poto yosavundikira amabwata cha pa 97, osati 100. Pamalo awiriwo ndinadontheza penti yoyera pagalasi la geji ndi nsonga ya machesi, kenaka tinabweza poto wa eni ake.